Kukonza Malo Osewerera Ana Kuseri kwa Kalasi: Gwero la Mau pa Phunziro la Cinyanja

Mutu uno ukamba za kacigawo ka bwalo la sukulu kamene ambiri a ife aphunzitsi sitikaganizira konse, ndiko kuseri kwa kalasi, kumene timataya zinyalala, madesiki othyoka ndi zidutswa za njerwa. Colinga cake ndi cakuti inu amene mukukonzekera nchito ya uphunzitsi mudziwe kusandutsa malowo kuti akhale posewerera ana a makalasi oyamba, pamene angakumbe dothi, kuumba, kulondola nyerere ndi kukangana za zimene aona; ndiponso kuti mudziwe kutola mau obadwira pamalopo ndi kuwalowetsa m'phunziro la kumva ndi kulankhula, la kuwerenga, la kulemba ndi la malamulo a cinenero. Mwina mufunsa kuti nkhani ya mitengo ndi mcenga ikufunanji m'buku la kaphunzitsidwe ka Cinyanja. Ikufunika cifukwa mwana salankhula popanda comulankhulitsa, ndipo mwana amene sanalankhulepo za cinthu amavutika kuwerenga ndi kulemba za cinthuco.

Mwana amene mudzampeza

Tiyerekeze kuti mwatsiriza maphunziro anu ndipo Unduna wakutumizani ku sukulu ina ya m'dziko la Mfumu Shikabeta, m'boma la Rufunsa. Boma limeneli linapatulidwa ku boma la Chongwe m'caka ca 2012, ndipo mseu waukulu wa Great East, wocoka ku Lusaka kupita ku Chipata, umapita pakati pake. Kuti mufike kwa Shikabeta mumapatuka pa mseuwo ndi kulowera kumpoto, m'dziko la mapiri ndi nkhalango za miombo lotsikira ku mtsinje wa Lunsemfwa. Eni nthaka ndi Asoli, amene mwambo wao wa caka ndi caka ndi Nkomba Lyanga.

Cisoli si mtundu wina wa Cinyanja ai. Akatswiri a zinenero amaciika m'banja limodzi ndi Cilenje, Ciila ndi Citonga, banja lochedwa Bantu Botatwe, ndipo m'kaundula wa Malcolm Guthrie Cisoli ndi M.62 pamene Cinyanja ndi N.31. Koma Cisoli sicili pakati pa zinenero 7 zimene boma linasankha kuti zigwire nchito m'sukulu, zomwe ndi Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Cigawo ca Lusaka cinapatsidwa Cinyanja. Motero mwana wa zaka 7 wobadwira kwa Shikabeta amalowa m'kalasi ali ndi cinenero ca kunyumba cimene sicilembedwa pa bolodi, nakumana ndi zinenero ziwiri za sukulu. Ana ambiri Cinyanja amacimva, pakuti cimalankhulidwa pamsika, m'basi ndi pa wailesi, koma ndi Cinyanja ca mu Lusaka, ca "vinthu" ndi "nifuna", osati ca "zinthu" ndi "ndifuna" cimene cili m'buku.

Malamulo a cinenero cophunzitsira asintha kangapo. Kuyambira 1966 Cingerezi ndico cinali kugwiritsidwa nchito kuyambira Giredi 1. Cikalata ca Educating Our Future ca 1996 cinalola kuti ana ayambe kuphunzira kuwerenga m'cinenero ca m'dera lao, ndipo mu 2014 zinenero za m'Zambia zinakhala zophunzitsira kuyambira Giredi 1 kufikira Giredi 4. Ndondomeko ya 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, inabwezera Cingerezi pamalo pake akale, ngakhale kuti Cinyanja cikuphunzitsidwabe ngati phunziro. Pa kusintha konseku mwana wa kwa Shikabeta wakhala ndi vuto limodzimodzi: amakhala cete m'kalasi. Mukamuonetsa cithunzi ca sitolo ya m'tauni ndi kumufunsa kuti, "Uona ciani?" amawerama. Musafulumire kulemba m'kaundula kuti ndi mwana wosagwira mutu. Mwana yemweyo amasiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha, amadziwa tsiku limene inswa zidzatuluka, ndipo angakufotokozereni mosalekeza m'mene amachera msampha wa mbewa. Ali ndi zonena zambiri, koma sukulu simufunsa za zimene adziwa.

Njira yoyamba ndi zimene mwana waona ndi kunena si yacilendo. Friedrich Froebel wa ku Germany, pamene mu 1840 anacha sukulu yake ya ana aang'ono dzina lakuti Kindergarten, ndiko kuti munda wa ana, anali kupatsa mwana aliyense kamunda kake. Sylvia Ashton-Warner, pophunzitsa ana a mtundu wa Maori ku New Zealand, anali kufunsa mwana aliyense liu limene afuna, nalilemba pa khadi, ndipo anapeza kuti liu lodzisankhira yekha mwana saliiwala. Anafotokoza zimenezi m'buku lake la Teacher la 1963. Kuno kwathu maganizo otere anafika ndi Breakthrough to Literacy, njira yocokera ku Britain imene a Molteno Project a ku South Africa anaisinthira m'zinenero za mu Africa. Inayesedwa m'Cibemba ku Kasama mu 1998, kenaka inafalikira m'dziko lonse ndi dzina lakuti New Breakthrough to Literacy. Kuyambira 2014 mphamvu zambiri zinaikidwa pa kuphunzitsa mamvekedwe a malembo ndi maphatikizo. Ine ndiona kuti njira ziwirizi sizilimbana. Koma ndaonapo ana ambiri ochula "ma-lu-wa" molondola, amene mukawatuma kukathyola maluwa amangoima. Kuchula maphatikizo si kuwerenga kufikira mwana atadziwa cimene akuchulaco.

Bwalo losesedwa

Pa sukulu zambiri za kumidzi bwalo limapalidwa ndi kusesedwa m'mawa uliwonse mpaka osatsala ngakhale kaudzu. Musapeputse mwambo umenewu, pakuti uli ndi zifukwa zake: pa bwalo loyera njoka imaoneka msanga, moto wa m'chire sufika ku nyumba, ndipo linthumbu limadziwika lisanalowe. Coipa cake ndi cakuti mvula imakokolola dothi la pamwamba caka ndi caka mpaka mizu ya mitengo ndi maziko a makalasi kukhala pamtunda, ndipo mu September ndi October ana amapuma fumbi lokhalokha. Kwa inu aphunzitsi a cinenero coipa cina ndi ici: pa bwalo lotere palibe coona, motero palibenso conena.

Simufunikira kusintha bwalo lonse. Kutsogolo kwa makalasi kusiyeni m'mene kuliri. Pemphani kacigawo kokha ka kuseri, ka mapazi 20 m'litali ndi 12 m'lifupi kapena kuceperapo. Yambani ndi mphunzitsi wamkulu, kenaka bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndipo musaiwale amfumu a mudzi, cifukwa mbuzi zimene zidzafuna kudya mbande zanu ndi za anthu ao. Fotokozani bwino kuti malowa si munda wa sukulu. Kuyambira 1975, pamene Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iliyonse izilima ndi kupanga zinthu zodzithandizira, makolo akamva za dothi ndi makasu pa sukulu amaganiza za mizere ya cimanga ndi ndiwo zamasamba zogulitsa. Munda wotere uli ndi phindu lake, koma mwana amalowamo kukagwira nchito imene wauzidwa. M'malo amene tikukambawa mwana amalowamo kukasewera ndi kufufuza. Pa cifukwa cimeneci musadzatumeko mwana kukagwira nchito ya cilango ngakhale tsiku limodzi.

Kakonzedwe ka malo

Sankhani malo oonekera pa zenera la kalasi lanu, kutali ndi zimbudzi ndi dzenje la zinyalala. Kuzungulira malowo siyani kanjira kopalidwa ka mapazi awiri. Kameneka kadzachinga moto, ndipo mwana wosesa m'mawa adzaona pamene padutsa njoka. Mangani mpanda wa nsungwi kapena wa udzu. Ngati mufuna mpanda womera, dulani nthambi zikuluzikulu za mlombwa, umene ambiri kuno amaucha mukwa, kapena za mkuyu ndi mabulosi, ndi kuzizika mvula itayandikira. Zimaphuka popanda vuto.

Mukatero, musathamangire kubzala. Yambani mwayang'ana zimene zilipo kale. Aliyense woyenda pa mseu wa Great East amaona matumba a makala ali ndanda kuyembekeza magalimoto opita ku Lusaka, ndipo angaganize kuti mitengo inatheratu. Koma miombo ikadulidwa siifa. Citsa cimaphukira cifukwa mizu yake ikali yamoyo pansi. Cimene cimapha mphukirazo ndi khasu la ana osesa, mbuzi ndi moto. Ku Niger, kuyambira 1983, Tony Rinaudo ndi alimi a m'dera la Maradi anabwezeretsa mitengo m'minda mwa kungosamala mphukira za pa zitsa, osabzala mbande. Citani comweco: pa citsa ciliconse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba, zinazo dulani. Mtengo wotere umakula msanga kuposa wa m'nazale, ndipo sufuna kuthiriridwa. Mfundo imeneyi ndi yaikulu kwa amene akumbukira cilala ca nyengo ya 2023 ndi 2024, cimene boma linacilengeza mu February 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse. Malo odalira ndowa zambiri za madzi tsiku ndi tsiku sadzapirira caka cotere.

Pa zobzala, sakanizani zocedwa ndi zofulumira. Msuku ndi wocedwa, koma ndi mtengo umene ana amaukonda. Njere zake zibzaleni zikangocotsedwa m'cipatso, pakuti zikauma sizimera, ndipo m'dzenje ikanimo dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, cifukwa mizu yake imadalira tizamoyo ta m'dothi limenelo. Bzalani ingapo, popeza misuku ina ndi yaimuna ndipo sibala. Kuti ana asatope ndi kuyembekeza, bzalaninso mpendadzuwa, nyemba, maungu ndi mphonda. Mphonda zikayanga pa thandala zimapereka mthunzi m'miyezi yocepa, ndipo pambuyo pake mudzakhala ndi zikho zotungira madzi ndi zoseweretsa. Kumbukirani kuti nyengo ya dziko yobzala mitengo imayamba pa 15 December, sukulu zitatsekedwa kale. Inu bzalani mvula ikangokhazikika ana asanapite ku chuthi, kapena mu January atangobwera, kuti aone ndi maso ao.

Zotsala ndi zosafuna ndalama: cipika cacikulu cogonekedwa pansi, cokhalapo ndi coyendapo moyesa kusagwa, mulu wa mcenga wa kumtsinje, kadzenje ka dothi la pa culu loumbira ng'ombe ndi timiphika, maenje a nsolo ndi miyala ya ciyato, kamsasa ka masanje, katungwe, ngati pali nthambi yolimba. Ikani phale la madzi pamthunzi, ndipo apumbwa, njiwa ndi mpheta zidzabwera zokha. Pangodya imodzi siyani udzu ndi masamba ogwa osasesa. Musakonze zonse inu nokha pa Ciweru kuti ana adzangopeza zatha. Kukangana kwao kuti cipika cikhale pati ndi phunziro la kulankhula kale.

Za ngozi

Pano musacite mphwayi, cifukwa mwana mmodzi akapweteka makolo adzatseka malowo, ndipo adzakhala ndi cifukwa. Nkhadze musaiike pa mpanda. Utomoni wake ukalowa m'maso umapweteka koopsa. Zulani nsatsi, pakuti njere zake ndi zokongola ndipo mwana akazitafuna zingamuphe. Lamulo la bowa ndi zipatso likhale limodzi: palibe cimene cilowa m'kamwa mphunzitsi asanacione. Miyala ndi zipika zitembenuzidwe ndi ndodo, osati ndi dzanja, cifukwa ca zinkhanira ndi anamkalizi, ndipo inu muyendere malowo m'mawa ana asanalowe. Udzu wa pangodya usapitirire m'mawondo a mwana. Madzi a m'phale atayidwe ndi kusinthidwa kawiri pa sabata, popeza nthawi yotentha dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka pasanathe masabata awiri. Matayala akale, ngati muwagwiritsa nchito, abooleni pansi. Ana asambe m'manja asanabwerere m'kalasi, ndipo madzi osambawo athirire mbande.

Mau amene malowa adzakupatsani

Tsopano tafika pa nchito yathu yeniyeni. Magulu a maina ndi mbali ya malamulo a Cinyanja imene ana amaloweza popanda kuimvetsa, ndipo aphunzitsi ambiri amaiphunzitsa ndi zitsanzo zomwezomwezo za munthu, mudzi ndi cinthu. Kuseri kwa kalasi maguluwa amaoneka ndi maso. Imikani ana pansi pa mtengo ndi kuwafunsa dzina la mtengowo ndi la cipatso cake. Adzapeza okha kuti mitengo yambiri ili m'gulu la Mu-Mi: msuku, misuku, mlambe, milambe, mkuyu, mikuyu, mlombwa, milombwa. Zipatso zake zambiri zili m'gulu la Li-Ma: suku, masuku, dambe, malambe. Mwana wochera khutu adzakutsutsani ndi nkhuyu, imene ili m'gulu la I-Zi. Muyamikireni, cifukwa wayamba kuganiza ngati wofufuza cinenero, ndipo ana anzake aphunzirapo kuti lamulo la cinenero limakhala ndi zopatuka.

Gulu la Li-Ma lili ndi cinsinsi cina cimene cimasokoneza ana polemba. Lembo loyamba la dzina limasintha pocurukitsa. Tolani zinthu izi m'malo anu ndi kuziyala pa mphasa, cimodzi mbali iyi, zambiri mbali iyo: duwa ndi maluwa, dambe ndi malambe, tsamba ndi masamba, khungwa ndi makungwa, khasu ndi makasu, phale ndi mapale, thope ndi matope. Ana anene maina ake mokweza ataika cikhato pafupi ndi pakamwa. Adzamva mpweya ukuomba cikhato pa "khasu", "phale" ndi "thope", koma osati pa "makasu", "mapale" ndi "matope". Mwana amene wamva mpweya umenewo sadzafunsanso nchito ya lembo la h m'mau a Cinyanja, ndipo kulakwitsa kofala kwa kulemba "makhasu" kudzacepa.  

Tizilombo nato tili ndi phunziro lake, la kugwirizana kwa dzina ndi mneni. Cule ndi ciwala onse ayamba ndi lembo la c, koma timati "ciwala cauluka" ndi "cule walumpha". Pocurukitsa timati ziwala ndi acule. Kangaude ayamba ndi ka-, koma sali m'gulu la Ka-Ti monga kambalame. Timati "kangaude waluka ukonde", ndipo ambiri ndi akangaude. Cimodzimodzi buluzi, gulugufe, birimankhwe ndi bongololo: onsewa amatenga zigwirizanitso za gulu la anthu. Ana ozolowera Cinyanja ca m'tauni adzanena "vikangaude" ndi "vicule". Musawauze kuti alakwa ngati kuti alankhula zopanda pake, cifukwa ndi m'mene anthu ambiri amalankhulira. Auzeni kuti pali kanenedwe ka pamsika ndi kanenedwe ka m'buku, ndipo wophunzira ayenera kudziwa zonse ziwiri ndi nthawi yake.

Palinso mvekero, cuma ca Cinyanja cimene cikutha m'zolemba za ana athu. Mvekero suphunzitsika ndi tanthauzo la pa bolodi. Mwana adule khungwa la mlombwa pang'ono aone utomoni uli psuu ngati magazi. Aike dzanja m'dothi la pansi pa masamba amve kuti lili zii. Aponde dothi la pa culu mu October amve kuti lili gwa. Aombe m'manja aone mpheta zili balala. Alawe suku lakupsa anene yekha kuti lili tseketseke. Udzu wa mu January uli biriwiri, miyendo ya wosewera pa mcenga ili mbuu, mphonda pa thandala zili lendelende. Mau otere akalowa kudzera m'khungu ndi lilime amabwera okha pamene mwanayo adzalemba cimangirizo ku Giredi 6.

Citsanzo ca phunziro: Giredi 2

Ciyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi anadzaza, kotero yembekezerani ana 60 kapena kuposerapo. Agaweni m'magulu anai musanatuluke, ndipo gulu lililonse lipatsidwe malo ake ndi funso limodzi: pansi pa cipika pali ciani, pa phale pabwera ndani, nyemba zasintha bwanji, nyerere zikupita kuti. Kunja mukhaleko mphindi 15 zokha. Inu muziyenda gulu ndi gulu, mukufunsa ndi kumvetsera koposa kulankhula.

Mphunzitsi: Wapeza ciani pansi pa cipika?
Mwana: Congololo, aphunzitsi! Cazipinda!
Mphunzitsi: Eya, wapeza bongololo. Bongololo wadzipinda. Wadzipinda cifukwa ninji?
Mwana: Aopa ndodo.
Mphunzitsi: Nanga tikamusiya adzatani? Tiyeni tikhale cete tione.

Onani kuti mphunzitsi sanadzudzule mwanayo. Wabwereza ciganizo cake m'Cinyanja ca m'buku ndi kupitiriza nkhani. Liu lakuti congololo lilandireni, pakuti ndi lodziwika m'Zambia monse, mpaka magulu a ana osamala zacilengedwe a Chongololo, amene anayamba m'zaka za m'ma 1970, anachedwa ndi dzina lomwelo.

Mukabwerera m'kalasi gulu lililonse linene zimene laona, ndipo ana asankhe ciganizo cimodzi coti cilembedwe. Tinene kuti asankha ici: "Bongololo wadzipinda pansi pa cipika." Cilembeni pa bolodi ana akuona, muciwerenge, aciwerenge onse, kenaka mmodzimmodzi. Cidulenidule m'mau, mauwo m'maphatikizo: bo-ngo-lo-lo, wa-dzi-pi-nda, pa-nsi, ci-pi-ka. Lembani phatikizo lililonse pa kakhadi ka katoni, ndipo ana apange mau atsopano: ngolo, cipinda, dziwa, londa, kanda. Dzulo lake yesani nokha kulumikiza maphatikizowo, cifukwa ena akakumana amabala mau osayenera kuchulidwa m'kalasi, ndipo ana amawapeza msanga kuposa inu. Potsiriza mwana aliyense ajambule cimene anaona ndi kulemba ciganizo cake pansi pa cithunzico. Mapepalawo asokeni pamodzi. Pakutha kwa temu mudzakhala ndi buku lowerenga limene liu lake lililonse ana alidziwa, pa sukulu imene mwina buku limodzi la boma amagawana ana asanu.

Lembani cikonzero ca phunziro lotere mokwanira monga mwa masiku onse, ndi zolinga zake zoonekeratu, kuti woyendera sukulu akakupezani panja asaganize kuti mwathawa nchito. Poyesa ana, khalani ndi mndandanda wa maina ao ndi kuika cizindikiro pa aliyense amene walankhula ciganizo cathunthu. Cidwi canu cikhale pa aja amene m'kalasi salankhula.

Malo a Cisoli

Mwana akakuuzani dzina la mtengo m'Cisoli, ndiye kuti wakupatsani cinthu cimene inu mwina mulibe. Lilembeni. Konzani chati ca mizere itatu, wa Cisoli, wa Cinyanja ndi wa Cingerezi, ndipo cizidzazidwa pang'onopang'ono caka conse. Mudzapeza kuti mzere wa Cisoli ndiwo udzakhala wautali, ndi kuti zomera zina simudzazipezera dzina la Cingerezi. Mipata imeneyo isiyeni, pakuti nayonso ikuphunzitsa ana kuti cinenero ca makolo ao si cosauka. Maina amene mwagwirizana alembeni pa timatabwa ndi kuwapacika pa mitengo.

Kamodzi pa temu itanani munthu wacikulire wa m'mudzi wodziwa mitengo. Pitani nokha kukamupempha kunyumba kwake, osatuma mwana ndi kakalata. Akabwera muyalireni mphasa kapena kumupatsa mpando pamthunzi, ana amupatse moni mwaulemu monga acitira kwao, ndipo funso liyambe ndi inu: "Agogo, tiuzeniko, mtengo uwu mumaucha ciani, nanga unali kugwira nchito yanji?" Alekeni ayankhe m'Cisoli. Pambuyo pake ana akufotokozereni inu m'Cinyanja zimene agogo anena. Kumasulira kotere ndi nchito yovuta ya ubongo, ndipo mwana amaicita mokondwa cifukwa tsiku limenelo wodziwa ndi iye, wosadziwa ndinu. Zirapi, miyambi ndi nthano za kalulu ndi fulu zimene agogo adzaonjezapo zisungeni za maphunziro a mawa.

Malowa amasintha ndi nyengo, motero sadzakutherani nkhani. Temu yoyamba ndi ya bowa, acule, mbululu ndi agulugufe. Yaciwiri ndi ya mame, masamba oyoyoka ndi njere za mlombwa zozungulira zokhala ndi minga pakati. Yacitatu ndiyo yolemera koposa: miombo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, makoko a njere zake amaphulika ndi dzuwa la masana, nyenje zimalira, kenaka mvula yoyamba imatulutsa inswa, masuku napsa. Gulu lililonse lisankhe mtengo umodzi ndi kulemba ciganizo cimodzi ca mtengowo Lacisanu lililonse. M'kabuku kameneko mudzapezamo nthawi zonse za mneni: masamba anagwa, masamba agwa, masamba akuphuka, maluwa adzaoneka.

Nchito

1. Pa sukulu imene mukucitira maphunziro oyeserera kuphunzitsa, yendani kuseri kwa makalasi ndi kujambula mapu a malo amene mungasankhe. Onetsani zitsa, mitengo, culu ndi kumene madzi a mvula amapita, ndipo perekani zifukwa za kusankha kwanu.

2. Tolani maina 30 a zinthu zopezeka pamalopo, muwaike m'magulu ao a maina, ndi kupatula amene lembo lao loyamba limasintha pocurukitsa.

3. Kholo lina ladandaula kwa mphunzitsi wamkulu kuti mwana wake akubwera kunyumba ndi yunifolomu yamatope ndipo sakuphunzira kanthu. Lembani zimene mudzanena kwa khololo, m'Cinyanja caulemu, mosapitirira tsamba limodzi.

4. Konzani phunziro la ola limodzi la Giredi 3 la mvekero, loyambira panja ndi kuthera m'kalasi, ndipo mukaliphunzitse kwa anzanu a m'gulu lanu sabata ya mawa.